Masekondi 40 a mdima

Makiyi a chipinda cha makompyuta ndinalowa nawo m'tchalitchi. Anali m'kathumba ka mkati mwa chikwama, pansi pa Baibulo ndi buku la Sukulu ya Sabata, ndipo ndikati ndigwade kapena ndiimirire ankalira pang'ono, ngati akufuna kuti mpingo wonse udziwe. Za ulaliki wa tsiku limenelo musandifunse. Ndinkangoona pakamwa pa akulu a mpingo pakuyenda, koma m'mutu mwanga munali masikirini anayi akuda bii amene ndinawasiya dzulo lake madzulo pasukulu ina ya sekondale kwathu, ndili wotsimikiza kuti makompyuta a eni ake ndawapha.

Kwathu ndi ku Thyolo, cha ku Makwasa, kumene ukatuluka m'nyumba maso amagwera pa tiyi, ukatembenuka n'kupezanso tiyi. Titatsekera kuno ku koleji ndinapita kumudzi chiperoni chitayamba kale. Poti posachedwa ndiyenera kukayeserera kuphunzitsa, ndinakapempha aphunzitsi a kompyuta pasukulu yoyendera ya m'dera lathu kuti ndiziwathandiza. Anandilandira ndi manja awiri. Ana a Fomu 4 anali pafupi kulemba mayeso a MSCE, makompyuta amoyo anali anayi okha, ndipo phunzirolo ankaphunzitsa okha kuyambira Fomu 1. Utangotha mlungu umodzi anandisiyira makiyi.

Makompyutawo ndi akale, mphatso ya anthu akufuna kwabwino, ndipo amayendera Kubuntu osati Windows imene ndinazolowera kusekondale ya mpingo kumene ndinaphunzira. Pansi pa Kubuntu pali Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Finland. Pamwamba pake pali Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaitulutsa mu 2004 n'kuipatsa dzina lomwe kwathu kuno timati umunthu. Ndiye zimene munthu amaona ndi maso, mazenera, mabatani ndi menyu, ndi pulogalamu yotchedwa Plasma, ya gulu la KDE limene Matthias Ettrich analiyambitsa ku Germany mu 1996. Zonsezi n'zaulere, ndipo aliyense ndi wololedwa kuzitsegula m'kati n'kuzisintha. Mawu oti aliyensewo ndi amene anandilowa m'mutu.

Chimene ndinaona m'masiku oyamba n'chakuti ana ambiri ankaiopa kompyuta. Mtsikana wina ankagwira mausi ndi zala ziwiri ngati mbatata yotentha. Akalemba mawu achinsinsi, pasikirini pankabwera mdima wokhala ndi kachizindikiro koyera ndi kagudumu kozungulira, ndipo onse ankangoti zii, manja pamiyendo, ngati akudikira pakhomo pa bwana. Chithunzi cha podikirachi pa Chingerezi amati splash screen. Ndinaganiza kuti bwanji pamenepa patakhala kwawo, munda wa tiyi umene amaudutsa tsiku lililonse, ndi mawu oti Takulandirani. M'kalasi ya njira zophunzitsira amatiuza kuti mwana uzimuchotsa pa zimene akudziwa popita naye ku zimene sakudziwa, ndiye chifukwa chabwino ndinali nacho. Chifukwa china, chimene sindinauze munthu, n'chakuti ndinkafuna aone kuti wa ku koleji wabwera.

Lachinayi m'mawa ndinakwera kamtunda ndi foni. Nkhungu itayalula, mizere ya tiyi inaoneka yosalala ngati yometedwa ndi lumo, mabulugamu ataima chakumbuyo, phiri la Mulanje lili buluu patali. Nyengo yozizira masamba amachepa, choncho othyola m'mundamo anali ochepa kusiyana ndi nthawi ya dzinja. Komabe analipo, madengu kumsana. Ndinaima n'kudikira mpaka onse atatsikira kuseri, kuti chithunzi chituluke choyera ngati cha pakalendala.

Malangizo oyamba amene ndinapeza pa intaneti anali a chinthu chotchedwa Plymouth. Ndinawatsatira ndendende pakompyuta imodzi madzulo onse, mpaka kulemba update-initramfs -u osadziwa kuti ndikuiuza chiyani. Nditaiyatsanso, munda wanga unaonekadi, koma unangothwanima kompyuta isanafunse n'komwe dzina, ndipo nditalemba mawu achinsinsi kachizindikiro koyera kaja kanabwera monga mwa masiku onse. Apa m'pamene ndinazindikira kuti kompyuta ikamayaka imadutsa zipata zingapo, monga mmene mlendo amadutsira polowa pa esiteti. Chipata choyamba ndi GRUB, chimene chimasankha choti chiyatsidwe. Chachiwiri ndi Plymouth, nsalu yotchinga pamene Linux ikudzutsa ziwalo zake. Chachitatu ndi SDDM, mlonda wofunsa dzina ndi mawu achinsinsi. Chachinayi ndi KSplash, nsalu ina yotchinga pamene Plasma ikuyala pa desiki. Chilichonse chili ndi chovala chake ndi malo ake osungira chovalacho, koma anthu polemba amatchula chachiwiri ndi chachinayi ndi dzina limodzi. Ine ndinkafuna chachinayi, n'kukavula chachiwiri. Ndinabwezeretsa zonse mmene zinalili. Phindu limene ndinapeza usiku umenewo n'limodzi: ndinaona kuti ukadina Esc pamene Plymouth ili pasikirini, chithunzi chimachoka ndipo umaona mizere ya mawu ikuthamanga, uliwonse ukunena chimene changodzuka.

Lachisanu ndinapeza khomo lenileni, mu System Settings, pa Appearance, pamene palembedwa Splash Screen. Pali batani lotengera zithunzi zatsopano pa intaneti, koma m'chipindamo intaneti mulibe. Ndinakweranso kamtunda kaja, kumene netiweki imagwira, n'kutsitsa pafoni chovala china chokongola chimene munthu wina anakonza, chokhala ndi chithunzi chachikulu kumbuyo choti ndikanatha kusinthanitsa ndi changa. Malo ake ndi foda ya .local/share/plasma/look-and-feel, ndipo ndinataya theka la ola ndikuifuna, chifukwa mu Linux dzina likayamba ndi kadontho, chinthucho chimabisika mpaka utadina Ctrl ndi H. Nditachiika, chinaoneka pamndandanda. Pachithunzi chake chaching'ono panali kabatani koti uonere kaye usanasankhe. Sindinakadine. Nthawi inali itadutsa 4 koloko, mwezi wa June dzuwa kwathu limalowa 5 koloko itangopitirira, ndipo linali tsiku lokonzekera: zovala za ku tchalitchi zosasita, madzi osatunga, amayi akundidikira. Ndinakopera pafulashi, n'kuika pa makompyuta onse anayi mu akaunti ya ophunzira, kuti ndione minda inayi ikutuluka nthawi imodzi.

Ndinalemba mawu achinsinsi pa yoyamba. Mdima. Kachizindikiro kulibe, kagudumu kulibe, munda kulibe. Ndinawerenga mwina kufika pa khumi, mtima uli thi thi thi, n'kukanikiza batani la moto mpaka inazima. Ndinayatsanso, chimodzimodzi. Yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Ina ndinaizimitsa motero katatu. Kunja mthunzi wa mabulugamu unali utafika pakhonde. Ndinatseka chitseko n'kuthamanga.

Sabata imeneyo sindinagwire ntchito iliyonse ndi manja, koma sindinganene kuti ndinaisunga. Potsegula Sabata pabanja ndinaimba nawo, m'mutu ndikuwerengetsera kuti amayi angathyole makilogalamu angati a masamba kuti alipire makompyuta anayi. Masamuwo sindinawamalize. Titaweruka ku mapemphero, anzanga a Pathfinder akukonzekera pologalamu ya masana, ine ndinaima panjira yopita kusukulu kuja, makiyi ali m'chikwama, ndikudziuza kuti kungopita kukaona si ntchito. Tinakulira pafupi ndi mishoni imene mpingo unayamba mu 1902, ndipo dzina lake lenilenilo ndi Malamulo, ndiye mwana wa kuno sanganamizire kuti lachinayi sakulidziwa. Sindinapite. Koma kunena zoona, chinandibweza kwambiri ndi mantha oti wina andiona. Mpumulo umene timauphunzitsa ana m'kalasi ya Sukulu ya Sabata, woti tsiku limeneli umatula katundu, ine sindinaulawe. Katundu ndinamusenza tsiku lonse atakulungidwa m'chitenje cha bwino.

Amayi anaona kuti nsima sikutsika. Nditawafotokozera, za GRUB ndi Plymouth sanamve, koma nkhani anaimvetsa.

"Eni ake wawauza?"

"Ayi, amayi. Ndimati ndiyambe ndayesa kukonza mawa."

"Iwe, chinthu cha eni chikafa m'manja mwako, mwini wake amve kwa iwe. Asamve kwa ana Lolemba."

Titangotseka Sabata ndinaimba foni. Aphunzitsi aja anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa funso limodzi lokha: ngati ndinayesa kulowa ndi akaunti yawo. Sindinayese. Anati mawa akaweruka ku tchalitchi kwawo adzandipeza.

Lamulungu m'mawa ndinalawira, kamlongo kanga ka Sitandade 6 kakunditsatira. Ndinayatsa yoyamba, kulemba mawu achinsinsi, mdima womwe uja. Ulendo uno mphamvu yokanikiza batani ndinalibe. Ndinazolika nkhope m'manja, sindikudziwa ngati ndinkapemphera kapena ndinkalira. Kenako ndinamva kakuti, "Achemwali, yayakatu."

Desiki inali poyera, zonse zili m'malo mwake. Ndinayesanso ndi wotchi ya pafoni: kuchokera pa mawu achinsinsi kufika pa desiki panatenga masekondi pafupifupi 40. Ndinayesa zinazo, chimodzimodzi. Makompyuta aja sanadwale n'komwe. Masiku onse ankatenga nthawi yomweyo, kungoti kagudumu kozungulira kankandisunga kuti ndisaione kutalika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Lachisanu ndinaperewera masekondi 30.

Ndakhala ndikuganizira zimenezi kuposa mmene nkhaniyi ikuyenerera. Chithunzi cha podikira sichigwira ntchito ina iliyonse yoyatsa kompyuta. Pamndandanda uja pali ngakhale posankha kuti pasakhale chithunzi, ndipo kompyuta imayaka bwinobwino. Ntchito yake ndi ya kwa munthu: kumuuza kuti m'katimu muli moyo, dikirani. Chikasowa, munthu amaganiza kuti kumene sakuona kanthu kulibe chimene chikuchitika, ndiye amachita zimene ndinachita ine. Ndipo choopsa chenicheni tsiku lija chinali chala changa. Kuzimitsa kompyuta mokanikiza pamene ikulemba pa disiki kukhoza kuononga mafayilo, ndipo m'menemo munali ntchito za ana a Fomu 4. Zinapulumuka, koma osati chifukwa cha nzeru zanga.

Aphunzitsi atafika sanakhale pampando wa kutsogolo. Anakoka benchi n'kukhala pambali panga. Anayamba alowa ndi akaunti yawo, ndipo kachizindikiro koyera kanabwera ngati palibe chachitika, chifukwa chimene munthu wasankha chimalembedwa m'kafayilo kotchedwa ksplashrc mu foda ya .config ya munthu yekhayo, osati ya kompyuta yonse. Kenako anandiuza kuti nditsegule Konsole, zenera lolembamo malamulo, ndilembe ksplashqml --test ndi dzina la chovala changa chija. Sikirini inada pang'ono n'kubwerera, ndipo pansi panatsala mizere iwiri ya Chingerezi.

"Ikukana," ndinatero.

"Ikukana chiyani, aphunzitsi anzanga? Tawerengani mokweza."

Ndinawerenga. Panali dzina la fayilo, Splash.qml, nambala ya mzere, ndi chidandaulo choti pamzerewo pakufunika nambala ya mtundu. Kompyuta inali itanena vuto lake momveka, mpaka kuloza ndi chala pamene pakupweteka. Chifukwa chake chinali ichi. Plasma 6 inatuluka mu February 2024 ndipo inamangidwa pa Qt 6, pamene ya pasukulupo ndi Plasma 5.27, ya pa Qt 5. Mu Qt 6 fayilo ikhoza kuyamba ndi mawu oti import QtQuick basi, koma Qt 5 imafuna kuti patsogolo pake pakhale nambala, monga 2.15, apo ayi siwerenga chilichonse chotsatira. Ndinatsitsa chovala cha mng'ono n'kuveka mkulu. Nditabwerera pa tsamba limene ndinachitenga, ndinapeza kuti wokonzayo analemba poyera kuti n'cha Plasma 6. Ine ndinangoona kukongola.

Njira imene tinatsata inali yosavuta kuposa zonse ndinayesa. Chovala chimene Plasma imabwera nacho, chotchedwa Breeze, chimakhala mu /usr/share/plasma/look-and-feel, ndipo n'chodziwikiratu kuti chimagwirizana ndi kompyutayo. Tinachikopera, kusintha dzina la foda ndi dzina la m'fayilo ya metadata kuti chisalimbane ndi chenichenicho, kenako mu Splash.qml tinawonjezera mizere yochepa yoitana chithunzi changa ndi mawu oti Takulandirani. Kagudumu tinakasiya. Titayesa, mawu anabwera, kagudumu kanazungulira, koma munda kunalibe. Ndinatembenukira kwa aphunzitsi. Iwo anangoloza pansi pa zenera ndi chibwano. Uthenga unali woti fayilo ya munda.jpg siikutseguka. Ndinayang'ana mu foda, fayilo ili pomwepo. Ndinayang'ananso kachiwiri ndi kachitatu, m'pamene ndinaona kuti ndinaitcha Munda.jpg. Kwa Linux, chilembo chachikulu ndi chaching'ono ndi anthu awiri osiyana.

Ntchito yonseyi iwo akanaimaliza m'mphindi zisanu. Inatenga maola awiri chifukwa sanagwire kiyibodi ngakhale kamodzi, kupatula polemba mawu awo achinsinsi. Kusekondale kumene ndinaphunzira, kompyuta ikavuta tinkangoimika mkono, wodziwa n'kubwera, ife n'kusamukira pa ina. Ndinkakhoza bwino phunzirolo, koma ndinatuluka ndisanawerengepo uthenga wa vuto ngakhale umodzi mpaka kumapeto. Ndinkauona ngati chipongwe, osati ngati chiganizo chokhala ndi mneni ndi mwininkhani. Ndikadzakhala ndi kalasi yangayanga ndikudziwa kuti dzanja lizidzandiyabwa kulanda mausi kwa mwana, chifukwa belu limakhala lili pafupi ndipo silabasi ndi yaitali. Mwina ndizidzalanda ndithu masiku ena. Koma benchi ija ndaiona mmene imakhalidwira.

Lolemba ana a Fomu 4 analowa, kulemba mawu achinsinsi, ndipo minda inayi inatuluka pamodzi monga ndinkafunira. Ena anaomba m'manja. Anyamata anayamba kutsutsana kuti pamenepa ndi pati, wina akuti ndi pokhota paja, wina akuti ayi, mabulugamu amenewa ndi a kumtunda. Mtima wanga unakhala m'malo. Kenako mtsikana wa mausi uja, amene sankalankhula kawirikawiri, anafunsa osandiyang'ana:

"Madamu, munajambula Lamulungu?"

"Ayi, Lachinayi. Bwanji?"

"Ndimaona ngati mulibe anthu."

Sindikumbuka chimene ndinayankha. Theka la kalasi imeneyo ndi ana a anthu othyola tiyi, ndipo inenso ndine mmodzi. Fizi yanga ya sekondale ya mpingo inachokera m'dengu la amayi, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, kuyambira mame asanakamuke mpaka ku sikelo. Ife a Adventist tiyi sitimwa, ndipo kunyumba kwathu m'mawa timawiritsa masamba a mandimu, koma ndi tiyi yemweyo amene anandigulira yunifomu. Agogo anga anawoloka kuchokera ku Mozambique, monga Alomwe ambiri, kudzagwira ntchito m'minda imeneyi nthawi ya thangata. Esiteti ngati Satemwa inayamba mu 1923, ndipo kusalala konse kumene alendo amaimika galimoto kuti ajambule kumachokera m'manja a anthu amene akhala akudutsa m'mizeremo kuyambira nthawi imeneyo. Tchire la tiyi ukalisiya limakula n'kukhala mtengo. Zonsezi ndinkazidziwa, koma Lachinayi lija ndinaima pamtunda n'kudikira kuti anthu achoke. Ndinkafuna kupatsa ana chithunzi cha kwawo, ndipo ndinawapatsa cha alendo.

Madzulo ndinapempha amayi kuti ndidzawajambule ali pantchito. Anakana. Anati sangaikidwe m'kompyuta atavala za kumunda, ana a anthu azikawaseka. Ndinati nanga kumbuyo kokha. Anati aganizira. M'mawa mwake ndinaona atulutsa chitenje chimene sapita nacho kumunda, ndipo nditafika pamsewu ndinapeza kuti anzawo awiri nawonso amangira mipango yatsopano. Ndinajambula ali chapatali, misana itatu, madengu atatu, nkhungu isanachoke bwino. Phiri la Mulanje silinaoneke tsiku limenelo. Fayiloyo ndinaitcha munda.jpg, ndi m wamng'ono, ndipo ndinadina kabatani koonera kaye ndisanaike pa zinazo.

Phunziro langa lomaliza ndi ana a Fomu 1 linali la kuyatsa kompyuta basi. Ndinawauza adine Esc pa chipata chachiwiri kuti aone mizere ikuthamanga, ndipo mnyamata wina anafuula kuti ikulemba yokha. Kenako ndinachotsa dala chithunzi pakompyuta imodzi, n'kuwauza awerenge mokweza mumdimamo, manja ali kumbuyo. Anafika pa 38.

Amayi sanapitebe kukadziona. Amati adzapita sukulu ikadzatsekera, kopanda ana. Usiku woti mawa ndikubwerera kuno anandifunsa, uku akupakula, kuti kodi m'kompyutamo amakhalamo nthawi yaitali bwanji. Ndinati masekondi 40, kenako amachoka.

"Ndiye ndangoima osathyola nthawi yonseyo?" anatero. "Kapitawo asaone."